MALAMULO A MOWA KU KACHULU: TIFUNSENI KAYE

Achinyamata anzathu a m'tauni,

Ambirife matemba a ku Chilwa timangowadziwa ali pamulu mumsika wa Zomba. Tapitani padoko la Kachulu m'mawa mabwato akamakocheza. Ndalama ya nsomba isanaone khomo la nyumba, yayamba yadzera pabenchi ya midoli. Madzulo mnyamata yemweyo akupalasa bwato la ku Chisi miyendo ili gwedegwede, mphepo ikuwomba. Ogula ena ndi ana a sukulu.

Boma linaletsa masacheti mu 2015, tonse tinaomba m'manja. Mowawo unangovula pepala n'kulowa m'timabotolo. Mu 2017 kunabwera National Alcohol Policy, Chingerezi chake chokoma bwino. Ife tinaiwerenga, paja a madigiri opanda ntchitofe nthawi ndiye tili nayo. Nanga msodzi wogona pazimbowera pakati pa nyanja, anamuwerengera ndani?

Local Government Act ya 1998 imapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'dera lawo, ndipo ziphaso zogulitsira mowa zimachokeranso kukhonsolo. Ndiye pasakhale zoti tikudikira ku Lilongwe ayi. Khonsolo ya boma la Zomba ikhoza kukhazikitsa maola ogulitsira mowa padoko. Koma isakalembere kuhotela, anthu atalandira ma alawansi. Msonkhano ukachitikire ku Kachulu komweko, m'chilankhulo cha anthu, pakhale a T/A Mwambo ndi a T/A Mkumbira, makhansala, ma BVC, asodzi ndi akazi awo. Ma BVC amalondera kale za maukonde oletsedwa. Angalephere kukaniza woledzera kukwera bwato?

Mayi wotcheza kachasu nayenso apatsidwe mpando. Tikudziwa, ena mwakwinya kale nkhope. Koma fizi ya ana ake imachokera mum'phika umenewo, ndipo mukauswa lero mawa akatchezera kudambo komwe palibe angaone zomwe zikuthiridwamo. Mu 2024 ku Blantyre anthu anafa ndi mowa wa Ambuye Ntengeni. Amene amadziwa yemwe akusakaniza zoopsa ndi amayi omwewa, osati bwana wa mu ofesi.

Amene muli ndi abale kwa Mwambo, aimbireni. Afunseni: mowa uziyamba nthawi yanji, uzitseka nthawi yanji, wogulitsa kwa mwana atani naye? Tumizani mayankho awo pa voice note, tiwalemba m'kalata yomwe tikatule tokha kukhonsolo.

Gawirani ma gulupu onse.