Boma likukongola kale ndalama zanu, chiwongoladzanja akudya ndi ena

Pali bizinesi imodzi m'Malawi muno imene sidandaula za mvula, za mafuta kapena za kuthimathima kwa magetsi. Mwini wake amatsegula chitseko m'mawa n'kulandira ndalama za aphunzitsi, anamwino, mavenda ndi alimi a fodya, n'kuwalonjeza kachiwongoladzanja kosafika ndi 10 peresenti pomwe pa chaka. Sabata yomweyo amatenga gawo lalikulu la ndalamazo n'kukakongoza boma pa chiwongoladzanja choposa pamenepo kawiri kapena katatu. Chotsala pakatipo ndi chake. Bizinesiyi ndi banki, ndipo palibe lamulo limene ikuphwanya. Chondiwawa ine n'chakuti khomo limene banki imalowera pokakongoza boma ndi lotsegukira aliyense, koma palibe amene amafuna kutilozera.

Boma likaperewedwa ndalama, limakongola kwa anthu ndi makampani a m'dziko momwe muno kudzera ku Reserve Bank of Malawi. Ngongole yaifupi, yosapitirira chaka, ndiyo imatchedwa Treasury Bill. Ilipo ya masiku 91, ya masiku 182 ndi ya masiku 364, ndipo okushoni yake imachitika sabata ndi sabata. Kagulidwe kake n'kosavuta: mumapereka ndalama yochepera lero, tsiku likakwana boma limakubwezerani yodzaza. M'mbali yaikulu ya 2024 ndi ya 2025, ya masiku 91 inkapereka 16 peresenti pa chaka, ya masiku 182 inkapereka 20, ndipo ya masiku 364 inkapereka 26. Ndiye kuti munthu wopereka pafupifupi K794,000 ankayembekezera K1 miliyoni pakutha pa masiku 364, msonkho usanadulidwe. Munthu wamba amaloledwa kugula, kudzera ku banki yake yomweyo kapena ku makampani ogula ndi kugulitsa zikalata za boma.

Tsono dzifunseni kuti munamvapo kangati banki ikulengeza zimenezi pa wailesi. Za ngongole yodula pa malipiro timazimva mpaka kutopa nazo. Za mpikisano wakuti mukasunga ndalama zakutizakuti kwa miyezi itatu mukhoza kupambana galimoto, ana omwe amaziimba. Mpikisano wotere ndi wochenjera kwambiri: anthu zikwizikwi amasiya ndalama zawo zili phee m'akaunti kudikira mayere, mmodzi n'kutenga galimoto, pamene ndalama za onsewo zapita kale ku okushoni ya boma. Musadabwe kuti chaka cha 2024, chaka cha chilala cha El Niño pamene anthu mamiliyoni ankadalira chimanga chothandizidwa, National Bank of Malawi yokha inapeza phindu loposa K100 biliyoni, ndipo mabanki anzake sanatsalire patali.

Chiwongoladzanja chimene boma limalipiracho sichigwa kumwamba. Mu bajeti ya 2025/26, ya ndalama pafupifupi K8 thiriliyoni, zoposa K2 thiriliyoni zinaikidwa kuti zilipire chiwongoladzanja chokha, osati ngongole yeniyeniyo. Pa makwacha anayi aliwonse, imodzi. Ndalama imeneyi inaposa ya maphunziro, inaposa ya zaumoyo, inaposa ya ulimi, ndipo gawo lake lalikulu linali la ngongole za m'dziko momwe muno. Wolipira ndi inu: PAYE imene amadula malipiro asanafike m'manja, VAT ya pa sopo ndi pa mayunitsi, msonkho wa pa lita iliyonse ya petulo. Mphunzitsi wa ku Ntchisi amene wasunga K600,000 ku banki akubedwa kawiri popanda wakuba. Ndalama yake ikukongozedwa boma iye osalandira kanthu kooneka, kenako msonkho wake ukulipira banki chifukwa chokongoza boma ndalama yake yomweyo.

Ndikunena kuti pitani mukagule ma Treasury Bill. Koma ndisanamalize kunena, ndiyenera kulimbana ndi gulu lina limene landikwiyitsa chimodzimodzi: alangizi a zachuma a pa Facebook ndi pa WhatsApp amene amauza anthu kuti Treasury Bill ndi njira yolemerera yopanda chiopsezo. Tiyeni tiwerengere. Mwaika K1 miliyoni pa 26 peresenti. Chaka chikatha chiwongoladzanja ndi pafupifupi K260,000. MRA imadulapo msonkho wa 20 peresenti ndalamayo isanakufikeni, ndiye kuti K52,000 yapita. M'manja mwanu muli K1,208,000. Koma mu 2024 mitengo ya zinthu inakwera ndi 32 peresenti mwa avereji, ndipo ya zakudya inakwera kuposa pamenepo. Katundu amene anali wa K1 miliyoni pamene munkaika ndalamayo, tsopano akufuna K1,320,000. Mwasauka ndi K112,000, ngakhale meseji ya ku banki ikukuuzani kuti mwapindula. Ya masiku 91 ija ndiye musanene: pa 16 peresenti, K1 miliyoni imabala pafupifupi K40,000 pa miyezi itatu, msonkho ukadula itsala K32,000.

Ndiye pali kugwa kwa kwacha. Boma linaigwetsa mu May 2012, n'kuigwetsanso ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kapena chapompo kufika pa K1,700. Munthu amene anali ndi K1 miliyoni mu Treasury Bill usiku umenewo anagona ndi ndalama yokwana madola pafupifupi 850, n'kudzuka ndi yosafika madola 600. Boma silinamukanize kanthu. Tsiku litakwana linamulipira kwacha iliyonse imene linalonjeza, koma inali kwacha ina. Wobwereka amene alinso ndi mphamvu pa mtengo wa ndalama imene adzabwezere si wobwereka wamba, ndipo wokuuzani kuti palibe chiopsezo mwina sadziwa, mwina ali ndi chimene akugulitsa.

Nanga bwanji ndikulimbikitsabe? Chifukwa funso si lakuti mulemera kapena ayi. Funso ndi lakuti ndalama imene ikudikirira ntchito yake iphwe mofulumira motani. Ndalama yosungidwa pa nthawi ya kukwera mitengo ili ngati chimanga m'nkhokwe ya anankafumbwe: simungaletse kufumbwa konse, koma pali kusiyana pakati pa wothira mankhwala ndi wongotseka chitseko. Amene anasiya K1 miliyoni ija mu akaunti wamba pa 4 kapena 5 peresenti, banki n'kumadulanso zake za mwezi ndi mwezi, anataya mphamvu yogulira yoposa K250,000 m'chaka chomwecho. Wa Treasury Bill anataya K112,000. Kusiyanako ndi fizi ya temu ya mwana.

Amalawi sitili opusa pa nkhani ya ndalama, ndipo ndimatopa ndi akatswiri otinyoza kuti tilibe chikhalidwe chosunga. Mayi wogula matumba a chimanga mu May kuti adzagulitse mu January amadziwa za kukwera mitengo kuposa wolemba malipoti ku Capital Hill. Bambo wogula malata awiriawiri n'kumaunjika kuseri kwa kabati, nyumba asanayambe ndi maziko omwe, akusunga chuma m'chinthu chimene kwacha singachigwetse. Ngati mukudziwa kuti ndalama yanu mapeto ake ndi simenti, feteleza kapena malata, musaiike mu Treasury Bill. Gulani lero. Feteleza sadikira masiku 364 pa mtengo umodzi. Ngakhale wotsika mtengo wa AIP, amene mlimi ankalipira K4,495 pa thumba mu 2020, anafika pa K15,000 pofika 2022.

Koma si ndalama iliyonse ingasanduke mbuzi kapena malata. Fizi ya ku yunivesite imafunika ngati ndalama. Thumba la komiti yomanga tchalitchi kapena mzikiti, limene likudikira kuti lidzakwane, ndi ndalama. Za chithandizo cha maliro pa ofesi, za bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndalama ya penshoni imene munthu walandira kamodzi ndipo akuganizabe chochita nayo, zonsezi zimagona m'maakaunti miyezi ndi miyezi. Msungichuma amene amaimirira pa msonkhano wa pachaka n'kunena monyadira kuti ndalama zonse zilipo, palibe yasowa, amayenera kufunsidwa kuti zilipo zokwana kugula chiyani. Kusaba si kokwanira. Ndipo pali kaphindu kena kamene mabuku a zachuma sakamba: ndalama ikatsekeredwa masiku 91, mlamu wanu akabwera ndi nkhani ya mpamba wa kaunjika, mumamuuza zoona kuti ili kuboma, osachita kunama.

Ena adzafunsa za banki m'khonde, kumene chiwongoladzanja cha 20 peresenti chimabwera pa mwezi osati pa chaka. Zoona, ndipo magulu amenewa akweza mabanja ambiri. Koma phindu limenelo mumalipirana nokhanokha, ndipo aliyense akudziwa gulu limene linatha mu December ndi misozi, wina atathawa ndi ngongole kapena bokosi litabedwa. Ndalama yaing'ono yozungulira ikhale kumeneko. Mamiliyoni a penshoni ya zaka 30 asakagone m'bokosi la maloko atatu.

Funso lolemera kwambiri ndi lakuti boma lenilenilo lingalephere kubweza. Lingathe, ndipo tisanamizane. IMF ndi World Bank ananena poyera kuti ngongole ya Malawi yafika posasenzeka. Boma lakhala likukambirana ndi Afreximbank komanso Trade and Development Bank kuti ngongole zawo zikonzedwenso, ndipo pulogalamu ya IMF imene inavomerezedwa mu November 2023 inafera m'njira mu May 2025. Ma Treasury Bill akale nthawi zambiri amalipidwa ndi ndalama za atsopano. Ku Ghana, mu December 2022, boma linauza eni mabondi a m'dzikomo kuti asinthanitse zikalata zawo ndi zina za chiwongoladzanja chotsika komanso zodzabwezedwa patali. Anthu opuma pantchito anakaima ndi zikwangwani pa unduna wa zachuma ku Accra, ndipo pakati pawo panali Sophia Akuffo, amene anakhalapo mkulu wa makhoti onse a dzikolo. Koma ma Treasury Bill sanakhudzidwe. Zambia italephera kulipira ngongole yake ya Eurobond mu November 2020, inapitiriza kulipira ngongole za m'dziko. Sikuti maboma amenewa anali achifundo. Boma likhoza kukhumudwitsa wolikongoza kwa zaka khumi, koma limaopa kukhumudwitsa amene likufuna kukamukongolanso sabata yamawa kuti lilipire asilikali ndi aphunzitsi. N'chifukwa chake ngongole yaifupi ndi yotetezekako kuposa yaitali. Ndati yotetezekako. Wanzeru amagawa, ina pa masiku 91, ina pa 182, ina pa 364, kuti nthawi zonse pakhale imene yatsala pang'ono kubwerera.

Mnzanga wina wokonda dziko lake anandidzudzula kuti kulimbikitsa anthu kukongoza boma ndi kudyetsa chilombo chomwe chikutidya. Akuti boma likamakongola kwambiri, mabanki safunanso kukongoza mlimi kapena mwini chigayo, ndipo akamukongoza amamutchaja 30 peresenti kapena kuposa. Pa matendawo sanalakwe. Walakwa pa mankhwala. Ndalama yanu mukaisiya mu akaunti simunaimane boma, mwangolemba ganyu banki kuti ikaperekeko m'malo mwanu n'kudya malipiro onse. Anthu ambiri atayamba kuchotsa ndalama zogona n'kumakongoza boma okha, mabanki angakakamizike kukweza chiwongoladzanja cha osunga kuti awagwire, kapena kuyamba kufunafuna mabizinesi oti awakongoze, imene ndiyo ntchito imene anapatsidwira chiphaso. Komanso nzika imene boma lili nayo ngongole imamvetsera bajeti ndi khutu lina.

Apa ndiye ndikuloza chala ku Reserve Bank. Zotsatira za okushoni zimatuluka m'Chingerezi cha akatswiri, m'malo amene mayi wa ku Mitundu sadzafikako. Kenya inayesa M-Akiba mu 2017, bondi ya boma yogulidwa pa foni kuyambira mashilingi 3,000. Siinasonkhanitse ndalama zambiri monga ankayembekezera, koma sanagwe ulesi: mu 2023 banki yaikulu ya dzikolo inakhazikitsa DhowCSD, njira yoti munthu atsegule akaunti ndi kugula zikalata za boma pa foni kapena pa kompyuta osapita kukagwada ku banki. Kuno tili ndi Airtel Money ndi TNM Mpamba mpaka ku midzi yopanda msewu. Timalipirira madzi, magetsi ndi fizi pa foni, ena mpaka kubetcha mpira usiku wonse. Chikuletsa n'chiyani kuti munthu akongoze boma lake K20,000 pa foni yomweyo, ndi kumva chiwongoladzanja cha sabata imeneyo pa MBC kapena pa Zodiak m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, monga timamvera mitengo ya fodya ya ku Kanengo?

Aphungu nawo ali ndi mlandu wawo pa msonkho uja. Munthu amene walandira 26 peresenti pamene mitengo yakwera ndi 32 sanapindule kanthu, waluza. Komabe lamulo limamudula 20 peresenti ngati kuti wapeza phindu. Boma lomwelo lamukongola, boma lomwelo lalephera kugwira mitengo, boma lomwelo likumulipiritsa msonkho pa kuluza kwakeko. Makampani akuluakulu ali ndi owerengera ndalama odziwa kubweza zina mwa zimenezi pa mapeto a chaka. Mlonda wopuma pantchito alibe. Nyumba ya Malamulo ikhoza kuika malire akuti chiwongoladzanja cha munthu wamba chosapitirira ndalama yakutiyakuti pa chaka chisamadulidwe msonkho, ndipo zimenezi zingatenge chiganizo chimodzi m'lamulo la misonkho la bajeti ikubwerayi.

Podikira zimenezo, mukapita ku banki mawa musafunse ngati ali ndi akaunti yabwino, chifukwa adzakulozerani fikisidi ya iwo eni. Nenani kuti mukufuna Treasury Bill. Funsani chiwongoladzanja cha okushoni yapitayi, funsani chimene chidzatsale msonkho ndi zolipira zawo zikachoka, funsani kuti mutafuna ndalamayo tsiku lisanakwane adzakudulani zingati, ndipo akupatseni pepala losonyeza kuti chikalatacho chalembedwa m'dzina lanu, osati la banki.