Lekani kuuza mnyamata wa kwa Kasisi kuti angolimba mtima

Inu amene mumakonda kulemba pa Facebook kuti vuto la achinyamata ndi kaganizidwe, tabwerani kuno tikambirane. Ndikudziwa kumene mwawatenga mawuwo. Ali m'masomphenya a Malawi 2063 amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, ndipo siolakwika. Cholakwika n'choti mwawasandutsa chikwapu chokwapulira anthu amene madzi anawakwapula kale.

Tawerengani nokha. Mnyamata wa kwa Kasisi amene anabadwa mu 2000 anaona madzi osefukira a mu 2015 asanalembe n'komwe mayeso a Fomu 4. Mu 2019 kunabwera mvula ya Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, m'boma lomweli la Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Inu m'tauni munadandaula za kuzimazima kwa magetsi kwa chaka chathunthu. Iye anali kufukula makasu m'matope. Asanapume, Freddy uyu mu Malichi 2023. Ndiye mukuti chimene chikumusowa ndi kudzikhulupirira, eti?

Munthu amene madzi akangophwa amatsikira kudimba n'kubzalanso chimanga ndi mbatata pachinyontho chomwe chamuphera mbewu zoyamba, ameneyo simungamuphunzitse chiyembekezo. Agogo ake Amang'anja akhala akuchita zimenezi m'mbali mwa Shire kuyambira kalekale, popanda semina kapena alawansi.

Koma musandimve ngati ndikuti zonse zili bwino. Ayi ndithu. Pitani pa Dyeratu kapena pa Thabwa dzuwa likuswa mtengo, muone anyamata a kabaza akudikira kasitomala. Ena akapeza kangachepe amathira m'banki m'khonde. Ena amakathera ku kachasu, ena kubetcha mpira pafoni, kuyembekeza kuti timu ya ku England iwagulira malata. Nanunso mumawaseka. Ine ndimaona anthu amene akufunafuna pobisala maganizo, chifukwa pakhomo powauza mavuto palibe. Akayamba kudandaula, malume amangoti mwamuna salira. Kutchalitchi akuti pemphera kwambiri. Inu pa intaneti mukuti dzuka, ukhale bwana wa iwe mwini. Nonsenu mukunena chinthu chimodzi: khala chete.

Ndipo atsikana sitiwatchula n'komwe. Mtsikana akasiya sukulu chifukwa makalasi asanduka msasa wa anthu othawa madzi, kenaka n'kukwatiwa, timati wasankha yekha.

Ku Zimbabwe anayesa njira ina. Dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare: agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala, kumvetsera munthu amene wapanikizika, n'kumuthandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe nalo. Limodzi basi. Kumeneko vutoli amalitcha kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Benchi ndi ndalama zingati, abale? Nanga agogo tinasowa liti kwa Kasisi? Koma kwathu kuno munthu amayenera kufika poyenda maliseche pamsewu kuti tivomere kuti akudwala, kenaka tim'kweze galimoto wa ku Zomba Mental.

Mukandifunsa, kudzidalira kumamera pamene munthu wagwira chinthu n'kuona chikutheka. Mbuzi ziwiri zikaswa. Ngongole ikabwezedwa. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira, ingathe kuchita zambiri kuposa mapositi anu onse, ngati achinyamata angakhale ndi gawo lawo m'minda imeneyo osati kungokhala aganyu. Funso limenelo bwanji simulifunsa mokweza?

Muli ndi msuweni kumudzi amene masiku ano sakuyankhulayankhula, ndikudziwa. Musamutumizire chithunzi cha mkango cholembedwa mawu achizungu. Muimbireni foni madzulo ano, mumufunse kuti dimba lili bwanji, ndipo akayamba kufotokoza musamudule pakamwa.