Tikambirane Pakhonde: Walira Njinga Walira Chipewa

Miyezi itatu yatha, ndipo mwa chifuniro cha Allah takumananso pakhonde pano. Lero tiyeni tikambirane za njinga yamoto, chifukwa chitsulo chimenechi chalowerera m'moyo wathu kunyanja kuno. Ndicho chimanyamula usipa kuchokera kudoko, ndicho chimathamangitsa mayi wapakati kuchipatala, ndichonso chimafikitsa mwalimu ku madrasa ya kutali.

Misewu yathu tonse tikuidziwa. Munthu amayamba ulendo wake pa tala wa M5, koma akangopatuka kulowera kumudzi kwawo ku Salima kapena ku Nkhotakota, amakumana ndi mchenga, miyala ndi maenje. Kwa anzathu a ku Makanjira ndi ku Namwera, njira za m'midzi zimasanduka matope okhaokha mvula ikayamba. N'chifukwa chake alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo akhala akupatsidwa njinga monga Yamaha AG 200, Yamaha DT 125 ndi Honda XL 125, zomwe anazipangira tala ndi fumbi lomwe. Tsono njingayo anaikonzera njira yoipa, koma nanga wokwerayo wadzikonzera chiyani? Woyenda mumchenga, ngakhale akhale katswiri, tsiku lina adzagwa ndithu. Nkhani yagona pa zomwe adzakhale atavala tsikulo.

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Banja likamasonkha ndalama zogulira njinga, lidziwe kuti mtengo wake suthera pa chitsulocho. Chipewa, jombo ndi magolovesi ndi mbali ya mtengo womwewo, monga momwe nkhafi ilili mbali ya bwato.

Tikudziwa kuti ena mwa ife amati tsiku likakwana lakwana, chipewa sichingabweze zomwe Mulungu analemba. Inde, moyo ndi imfa zili m'manja mwa Allah, ndipo palibe Msilamu angatsutse zimenezi. Koma tikumbukire mbiri ya nkhondo ya Uhud ya m'chaka cha 625. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anapita kunkhondoko atavala malaya achitsulo awiri ndi chipewa chachitsulo kumutu. Kodi alipo pakati pathu amene amadalira Allah kuposa iye? Thupi ili ndi amana, tinangosungitsidwa, ndipo tidzafunsidwa za momwe tinalisungira.

Choyamba kugula ndi chipewa. Kafukufuku amene bungwe la Cochrane linasonkhanitsa m'chaka cha 2008 anaonetsa kuti chipewa chimachepetsa chiopsezo cha imfa ndi magawo pafupifupi 42 pa 100 alionse, ndi cha kuvulala m'mutu ndi magawo 69 pa 100. Malamulo a pamsewu a dziko lathu linonso amafuna kuti woyendetsa ndi wokwezedwa onse awiri avale chipewa. Tisamati timayenda pang'onopang'ono. Kuwomba mtengo pa liwiro la makilomita 50 pa ola kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba potalika mamita 10.

Koma si chilichonse chozungulira chomwe chili chipewa. Cha amisiri omanga nyumba anachipangira njerwa yogwa kuchokera pamwamba, ndipo pangozi ya njinga chimangouluka. Chipewa chenicheni chili ndi chikamba cholimba kunja, ndipo mkati mwake muli chinthu choyera, chopepuka koma chothinana, chokhuthala masentimita awiri ndi theka kapena kuposa. Ntchito yake ndi kuphwanyika m'malo mwa chigaza chanu. Chikaphwanyika kamodzi sichibwereranso, kotero chipewa chomwe chinamenyetsedwapo pangozi n'chotha ntchito ngakhale kunja chikuwala. Apa mpamene tiyenera kusamala ndi zipewa za pakaunjika, popeza mbiri yake sitiidziwa.

Pogula, chinyamuleni m'manja. Chabwino chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo chikapepuka ngati chikho, chisiyeni. Yang'anani pa lamba wake. Zipewa zoyesedwa motsata muyezo wa ECE 22.05 kapena watsopano wa 22.06 zimakhala ndi kansalu kosokedwa pamenepo, kokhala ndi chilembo cha E m'kati mwa kabwalo, ndi nambala yoyamba ndi 05 kapena 06. Mukaonaponso chilembo cha P, ndiye kuti mbali yotchinga chibwano nayonso inayesedwa. Chizindikiro cha DOT ndi cha ku America, koma poti chimangomatidwa kumbuyo, akamberembere amachimata pa zipewa zachabechabe.

Kwa ife oyenda tala ndi fumbi, choyenera ndi chipewa chotchinga nkhope yonse ndi chibwano chomwe, chifukwa munthu akagwa chafufumimba, chibwano ndi mano ndi zomwe zimayamba kufika pansi. Zilipo zokhala ndi kadenga kutsogolo kotchinga dzuwa ndi matope, ndi timabowo tolowetsa mphepo, ndipo zimenezi n'zabwino kwambiri kuno kotentha. Yezani mutu ndi tepi ya atelala pamwamba pang'ono pa nsidze. Kawirikawiri masentimita 57 mpaka 58 ndi saizi ya M, ndipo 59 mpaka 60 ndi L. Mukachivala chigwire masaya, ndipo mukapukusa mutu chisagwedere. Mangani lamba kuti pansi pa chibwano pangolowa zala ziwiri, kenaka yesani kuchivula pochikoka kumbuyo. Chikavuka, si chanu. Chipewa chosamanga lamba n'chongonamizira apolisi. Mzuli wolimba uikeni m'chikwama, mukauvale mukafika kumzikiti, osati kugula chipewa chachikulu kuti mzuli ukwanemo.

Maso nawonso asamalidwe. Amene wakumanapo ndi nkhungu zikuuluka kuchokera m'nyanja, kapena fumbi la lole yomwe ili kutsogolo, akudziwa kuti kuphethira kamodzi kokha n'kokwanira kulowa m'dzenje. Galasi la chipewa likhale loyera ndi losakandika. Lakuda ndi la masana okha, osati pochokera ku Isha.

Chachiwiri ndi jombo. Pa njira za fumbi, mwendo ndi womwe umazunzika kwambiri. Munthu amauponda pansi njinga ikaterereka, umawomba zitsa zobisika mu udzu, ndipo njinga ikagwa imagwera pomwepo, nthawi zina ndi ekizozi yake yotentha. Patapata ndi nkhwaira sizitchinga kanthu. Pezani jombo zachikopa zokwera kupitirira akakolo, zolimba kuphazi, ndipo zingwe zake muzizilowetsa mkati kuti zisakole pa giya. Jombo za mphira zolimira zimateteza matope okha. Ena amadandaula kuti kuvula jombo pa wudhu uliwonse n'chintchito. Chipembedzo chathu sichinatiumire mtima, pakuti pali chilolezo chopaka madzi pamwamba pa khufu zomwe munthu anavala ali ndi wudhu, tsiku limodzi usana ndi usiku kwa amene ali pakhomo, ndi masiku atatu kwa wapaulendo. Funsani a Shehe anu akuuzeni ngati jombo zanuzo zikukwanira pa lamulo limeneli.

Chachitatu ndi magolovesi. Munthu aliyense akamagwa amatsogoza manja, ndipo zikhatho zikasupuka, msodzi sakoka chilimira, telala sasoka, mlimi sagwira khasu kwa milungu ingapo. Achikopa otseka zala zonse ndi omanga padzanja ndi omwe akufunika.

Zikatha izi, ganizirani za mawondo, zigongono ndi msana. Zilipo zotchinga mawondo ndi misongolo zomangirira ndi malamba, zomwe zimavalidwa mkati mwa buluku, ndipo majekete a njinga amakhala ndi zotchinga pamapewa, m'zigongono ndi kumsana. Tikudziwa kutentha kwa Okutobala ku Mangochi, ndipo jekete lolemera limangothera pa msomali kunyumba. Choncho sankhani la nsalu yolimba yokhala ndi timabowo tolowetsa mphepo, lowala mtundu kuti a magalimoto akuoneni madzulo. Ngati ndalama sizinakwane, buluku la jinzi lokhuthala ndi malaya a manja aatali n'zabwinoko kusiyana ndi kabudula, ngakhale kuti pa tala jinzi imang'ambika msanga.

Tsono pali nkhani yomwe ikukhudza ife makamaka. Timakonda zovala zazitali, ndipo n'zaulemu wake. Koma tcheni ndi masipoko sizidziwa ulemu. Nsonga ya mkanjo, chitenje kapena hijabu ikangokola m'tayala la kumbuyo, imakulungika nthawi yomweyo n'kumugwetsera munthu pansi, ndipo ikakhala ya m'khosi imatha kum'pachika. Abambo, pindani mkanjo bwinobwino musanalize njinga. Amayi, valani buluku mkati, sonkhanitsani nsalu zonse pamiyendo, ndipo nsonga za hijabu muzilowetse m'jekete. Hijabu yopyapyala imakwana m'chipewa popanda vuto, bola muchotse mapini akuthwa. Onetsetsaninso kuti chotchinga tcheni chilipo. Ana athu a kabaza aziyenda ndi chipewa chachiwiri, ndipo mwana amene mapazi ake safika popondera asakwezedwe kumbuyo yekha.

Tikudziwa kuti ndalama n'zovuta, ndipo palibe angagule zonsezi tsiku limodzi. Yambani ndi chipewa chatsopano, kenaka jombo, kenaka magolovesi, zinazo zizibwera nsomba zikagwidwa. Jombo ndi jekete za pakaunjika zilibe vuto zikakhala zolimba. Yerekezani ndalamazo ndi zomwe banja limataya bambo akagonekedwa m'chipatala miyezi iwiri, mayi akudikirira odwala, ana atasiya sukulu ndi madrasa.

Tsoka silinunkha, ndipo chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amayi, musachite manyazi kuwakumbutsa amuna anu ndi ana anu akamatuluka mutu uli pamtunda. Makomiti a mizikiti amene amagulira amwalimu njinga awagulirenso chipewa ndi jombo pa ndalama zomwezo. Ndipo Lachisanu likubwerali, tikamatuluka ku Jumu'a, tiyeni tiyang'ane njinga zomwe zaimikidwa pansi pa mtengo, tiwerenge kuti ndi zingati zomwe zili ndi chipewa, kenaka tiwalankhule eni akewo mwaulemu.

Allah atisunge m'maulendo athu onse. Tidzakumananso pakhonde pano, Insha Allah. Wassalamu alaikum.