Kentucky, Ndalama Muziyamba Nazo pa Ana Amene Muli Nao Kale

Ndi matimu ocepa a basketball ya m'makoleji ku America amene atumiza osewela ambili ku NBA monga Kentucky. Koma pambuyo pa 2012 kufika 2025, cikho ca NCAA sicinabwelele ku Lexington. Ife amene timadzuka pakati pa usiku mu March kuti tione maseŵelo amenewa pa foni, bando ikutha, tiona kuti matenda a timuyi ndi kumanga nyumba yatsopano caka ciliconse.

John Calipari anafika mu 2009 na njila yake: tenga anyamata aluso kwambili ocokela ku sekondale, asewele caka cimodzi, apite ku NBA, utengenso ena. Mu 2012 zinayenda. Anthony Davis na Michael Kidd-Gilchrist anatenga cikho, kenako anasankhidwa woyamba na waciŵili mu NBA draft. Cimene anthu amaiŵala n'cakuti m'timu ija munali Darius Miller, wa caka cacinayi, komanso Terrence Jones na Doron Lamb, a caka caciŵili. Panali akuluakulu ouza ana poimilila zinthu zikavuta.

Zimene zinatsatila timazidziŵa. Mu 2015 anapambana maseŵelo 38 motsatizana, kenako Wisconsin ya Frank Kaminsky, timu ya anyamata amene anakulila pamodzi, inawacotsa mu Final Four. Mu 2022 Oscar Tshiebwe, mnyamata wa ku Lubumbashi apa pafupi na Copperbelt, anamwetsa mapointi 30 na kutola ma rebound 16, koma kasukulu kocedwa Saint Peter's kanawathamangitsa pa seŵelo loyamba. Ya 2024 ndiye inaŵaŵa maningi. Kentucky inali na Reed Sheppard na Rob Dillingham, onse aŵili anasankhidwa mwa 10 oyambilila mu draft caka comweco. Amene anawagwetsa ni Jack Gohlke wa Oakland, wa zaka 24, wocokela ku Division II, amene anaponya ma three 10 m'seŵelo limodzi. Aliyense m'holo ija anali kudziŵa kuti mpila upita kwa Gohlke. Kumutsata munthu wotelo kumafuna osewela asanu odziŵana, amene amakuwilana kuti wina asinthe, wina atseke njila. Zimenezo siziphunzilidwa m'miyezi isanu.

Manje onani UConn ya Dan Hurley, imene inatenga cikho mu 2023 na 2024. Nayonso inali kutenga osewela kwina, koma inali kudziŵa coyamba mmene ifuna kusewelela: mpila uziyenda, anthu azithamanga popanda mpila, pansi pa basiketi pakhale cimphona. Tristen Newton anacoka ku East Carolina, Cam Spencer ku Rutgers, aliyense kudzadzaza malo amene anali kumudikila. Donovan Clingan anathela caka cathunthu kuloŵa m'malo mwa Adama Sanogo wa ku Mali, ndipo Sanogo atapita, Clingan anali atapsa kale. Mu 2024 anapambana maseŵelo onse 6 a mpikisano na mapointi oposa 10.

Calipari atapita ku Arkansas mu 2024, Kentucky inaitana Mark Pope, amene anali kaputeni wa timu imene inatenga cikho mu 1996. Anapeza nyumba yopanda anthu, ndipo anasonkhanitsa timu yonse pafupifupi kucokela ku makoleji ena. Sitingamunene pa zimenezo, analibe mocitila. Kasewelelo kake kamakoma m'maso, mpila uyenda mwamsanga, ma three ali mbwee. Anafika mu Sweet 16, kumene Tennessee, imene anaigonjetsa kaŵili caka comweco, inawacotsa. Koma ambili mwa anyamata aja anali m'caka cao cothela, conco nchito yomanga inayambilanso.

Apa m'pamene tili na mantha. Kuyambila 2021, wosewela angasamukile ku koleji ina osakhala pansi caka cathunthu, ndipo amaloledwa kulandila ndalama pa dzina lake. Sukulu ya ndalama monga Kentucky ingakopeke kumagula timu yatsopano mu April aliyense, imene ni njila ya Calipari yomweyo, kungoti ogulidwawo ali na ndevu.

Ife tikanakhala pa mpando wa Pope, ndalama zoyamba zikanapita kwa anyamata anayi kapena asanu amene adziŵa kale kasewelelo kake, kuti akhale caka caciŵili na cacitatu. Zotsala tikanafunila anthu aŵili cabe: wamtali wotseka pansi pa basiketi, na wina wa miyendo yamphamvu amene angamamatile Gohlke wotsatila kwa mphindi 40 osapempha mpila.