ZA PAKHONDE: Tambala wa Kwathu Atakalira ku Blantyre



Mwezi wathawu bambo wina wa ku Makawa adatiimitsa pamsika wa pa Mangochi nati: "A Mwalimu, tikumva kuti mumathamangitsana ndi kampira konga dzira mpaka ku Blantyre. Nanga chikho chake chili kuti?" Tidaseka, koma funsolo lidatilasa, pakuti chikho tilibe. Tapita kumipikisano ya tebulo tenisi katatu, ndipo katatu konseko tabwerako chimanjamanja. Lero tati tikusimbireni zimene tidakaona, poti mwina mwana wanu nayenso wayamba kukupemphani ya minibasi.

Masewerawa tidawadziwira kukoleji. Titabwerera kuno kudzaphunzitsa, tidapeza chitseko chakale n'kuchisanjika pamigolo iwiri kuseri kwa madrasa. Neti yake chidali chidutswa cha ukonde wa usipa, ndipo timathabwa tomenyera adatisemera mmisiri wa pafupi pompo. Mpira ukabonyoka tinkauviika m'madzi otentha kuti ufufumenso. Poti kampiraka kamalemera magalamu 2.7 okha, mwera ukayamba kuwomba mu Juni tinkayamba tasinthana mbali, chifukwa woima kumene mphepo ikuchokera amakhala wapambana kale. Kwa zaka zitatu, kuchokera kwa Mponda mpaka kwa Chimwala, padalibe wotigonjetsa. Anyamata ankatitcha katswiri, ifenso tidayamba kukhulupirira.

Tsono titamva kuti ku Blantyre kuli mpikisano wolola aliyense, tidalembetsa. Tidalawira m'bandakucha, kudzera pa Liwonde ndi Zomba, mtunda wa makilomita pafupifupi 190, titavala malaya athu oyera ositidwa bwino. Tisadamenye ndi mpira umodzi womwe, woyimbira adatiuza kuti malayawo savomerezeka, chifukwa mpira ndi woyera ndipo mnzathu sangauone bwino. Atayang'ana kathabwa kathu adapukusa mutu: mbali yomenyera iyenera kukhala yomatidwa labala wovomerezeka, osati thabwa lokhalokha. Tidabwereka malaya, tidabwerekanso kathabwa.

Kenaka idafika nthawi yoseva, ndiko kuti kuyambitsa mpira. Kwathu kuno chida chathu chachikulu chidali kufumbata mpira, kuubisa ndi mkono, n'kuumenya mwadzidzidzi. Tidachita zomwezo. Woyimbira adapereka pointi kwa mnzathu. Tidabwereza, adaperekanso kwa mnzathu. Ndipamene adatifotokozera modekha kuti mpira uyenera kukhala pachikhatho chotambasula, uponyedwe m'mwamba masentimita osachepera 16, umenyedwe ukutsika, ndipo kuyambira chaka cha 2002 nkoletsedwa kuubisa ndi thupi kapena mkono. Tidakali kusinkhasinkha zimenezi, tidangomva kuti gemu yatha. Ife tinkadikira mapointi 21 monga tinkachitira kuseri kwa madrasa, osadziwa kuti dziko lonse lidasintha mu 2001: gemu imathera pa 11, ndipo kuseva amasinthana pamapointi awiri alionse. Adatikwapula 11-3, 11-2, 11-4. Ulendo wa tsiku lathunthu udathera m'mphindi khumi ndi zisanu.

Kunena zoona abale, sadatibere. Luso limene tinkanyadira kwa zaka zitatu lidali kuphwanya malamulo, kungoti padalibe wotiuza. Safunsa adadya phula.

Chaka chotsatira tidagula kathabwa kalabala, tidakonza kasevedwe, n'kubwereranso. Adatiika ndi kamnyamata ka zaka khumi ndi zitatu, kausinkhu wa ana amene timawaphunzitsa. Mumtima tidati lero tadya. Mpira wake woyamba udabwera pang'onopang'ono ngati wotopa. Titaukhudza udalunjika muneti. Wachiwiri titaukhudza udauluka kupitirira tebulo. Zidapita choncho mpaka mapeto. Titagwirana chanza tidakumbukira kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna, ndiye tidamufunsa kuti, "Mwana wanga, mankhwala ake ndi otani?"

Adaseka nati: "Ankolo, inu mukuyang'ana mpira. Muziyang'ana kathabwa kanga pamene kakukhudza mpirawo." Adatitengera patebulo lapambali n'kutionetsa. Munthu akapalasa mpira kunsi, umabwera ukuzungulira chobwerera, ndipo ukaukhudza umagwa pansi. Mankhwala ake nkupendeka kathabwa kuti kayang'ane kumwamba n'kuukankha. Akaupalasa pamwamba, umadumpha ukangogunda tebulo. Pamenepo kathabwa kako kaweramire pansi. Akaupalasa chammbali, umathawira kumbali. Pachitseko chathu, ndi timathabwa topanda labala, mpira sunkazungulira motere, choncho theka lonse la masewerawa tidali tisadalionepo. Tsikulo mphunzitsi adakhala pamphasa, mwana n'kuimirira pabolodi.

Ulendo wachitatu ndi umene tifuna muumve bwino. Panthawiyi tidali titasonkherana ndi makolo ena n'kukhometsa tebulo lamiyeso yoyenera, ndipo tidatenga anyamata athu awiri kuti akaone. Ndalama yoyendera idali yokongola kwa mayi a kunyumba, ya mpamba wawo wa mandasi, ndi lonjezo lakuti tidzabweza. M'gulu lathu tidapambana masewero awiri, koyamba m'moyo wathu, n'kulowa ndime yochotsana. Wopambana pamenepo ankatsala ndi sewero limodzi kuti afike pamene pamayambira mphoto.

Tidakumana ndi bambo wina wachikulire, womenya ndi dzanja lamanzere. Iye magemu awiri, ifenso awiri. Mugemu yachisanu, yomaliza, tidatsogola 10-9. Pointi imodzi yokha. Tidaseva, adabweza, tidabwezanso, ndipo iye adamenya mwamphamvu chakumanja kwathu. Mpira udaoneka ngati wapitirira. Woyimbira adakweza dzanja kuloza kwa ife, anyamata athu adalumpha, bambo uja adayamba kubwera kudzatipatsa chanza.

Koma ife tidali titamva kaphokoso. Kakang'ono, ngati njere ya mpunga yagwera m'mbale yachitsulo. Mpira udali utakhudza kamlomo ka pamwamba pa tebulo, ndipo lamulo limati mpira wotere ndi wabwino. Woipa ndi wokhawo wogunda chammbali, kunsi kwa kamlomoko. M'holomo mudali matebulo anayi, phokoso lili wowowo, ndipo palibe wina adamva.

Tisakunamizeni kuti tidayankhula nthawi yomweyo. Tidaima kaye. Tidaganiza za mpamba wa mandasi. Tidaganiza za maulendo awiri aja obwerako chimanjamanja, ndi za anthu a pamsika amene amafunsa za chikho. Tidadziuza kuti woweruza ndi woyimbira, osati ife. Kenaka tidayang'ana anyamata aja, amene mlungu uliwonse timawauza kuti sikelo ya pamsika isamabe ngakhale wogula sakuona. Tidakweza chala n'kuloza kamlomo kaja. Woyimbira adatifunsa kawiri, ndipo adasintha: 10-10. Mapointi awiri otsatira adatenga bambo uja. Tidatuluka 12-10.

M'minibasi pobwerera mudali zii mpaka pa Zomba. Tikuyandikira Liwonde, wamng'onoyo adati: "A Mwalimu, mukadangokhala chete bwenzi titapambana." Tidavomera kuti inde. Tidamuuzanso kuti zimene tidachitazo si zachilendo: m'masewerawa, ngakhale pamipikisano ikuluikulu, ndi mwambo kuti wosewera aulule yekha mpira ukakhudza kamlomo, ndipo wopeza pointi mwamwayi amakweza dzanja kupepesa. Sadayankhe. Ngongole ya mayi a kunyumba tidabweza pang'onopang'ono kwa miyezi iwiri, ndipo iwo sadaleke kutikumbutsa. Koma patapita milungu itatu tidaona mnyamata yemweyo, akusewera ndi mnzake pamtsutso wa maswiti, akuloza yekha kamlomo ka tebulo.

Tsono, makolo anzathu, yankho lathu kwa bambo a ku Makawa ndi ili. Tebulo la pakhomo limakunamiza, pakuti onse okuzungulira amakuopa kapena amakukonda. Mpikisano sunyengerera. Ulendo woyamba udationetsa kuti sitidziwa malamulo, wachiwiri kuti sitidziwa masewera, wachitatu udatifunsa kuti ndife anthu otani. Phunziro lotere mwana akalipeza ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, pamtengo wa tikiti ya minibasi, watchipitsa. Ena amakalipeza atakula, pamtengo wa ntchito kapena banja.

Ena amati masewerawa ndi a ana a m'tauni ndi anthu a ku China. Nzoona kuti chiyambire kuseweredwa pa Olympics mu 1988, mendulo zambiri zagolide zapita ku China. Koma mu 2016, ku Rio de Janeiro, Quadri Aruna wa ku Nigeria adafika ndime ya anthu asanu ndi atatu omaliza, woyamba wa mu Africa kutero, ndipo Omar Assar wa ku Egypt adafikanso pomwepo ku Tokyo mu 2021. Ku Egypt komweko kudachokera Ibrahim Hamadtou, amene adaduka manja onse awiri pangozi ya sitima ali ndi zaka khumi: kathabwa amaluma ndi mano, mpira amaponya ndi phazi, ndipo adasewera pa Paralympics mu 2016 ndi mu 2021. Kwa inu amene mukuda nkhawa ndi kavalidwe ka atsikana, Neda Shahsavari wa ku Iran adasewera pa Olympics mu 2012 ndi mu 2016 atavala hijabu. Kuno kwathu masewerawa amayendetsedwa ndi bungwe la Table Tennis Association of Malawi.

M'mera mpoyamba. Ngati m'mudzi mwanu muli ana okonda masewerawa, musawasiye azolowere zolakwika monga tidachitira ife. Uzani mmisiri kuti tebulo likhale lotalika mamita 2.74, mulifupi mamita 1.525, msinkhu masentimita 76, ndipo neti ikwere masentimita 15.25. Liikeni m'nyumba kapena pobisika mphepo. Gulani timathabwa talabala ngakhale tiwiri tokha, ana azibwerekana. Aziwerenga mpaka 11, aziseva chikhatho chili chotambasula, ndipo nthawi ya sukulu, ya madrasa ndi ya Swala ikakwana tebulo lizifunditsidwa. Akadzamva za mpikisano, aperekezeni ndi munthu wamkulu, ndipo akabwerako musayambe ndi kufunsa za chikho. Afunseni kuti wawagonjetsa ndani, ndipo wawagonjetsa motani.

Ife tikupitanso chaka chamawa, Insha Allah, ndipo malaya abuluu tagula kale. Tidzakumane m'kope lotsatira.

Wassalaam.