ZIMBABWE: Matimu Odalira Migodi Angaphunzirenji ku Montreal Canadiens?

KWEKWE, Zimbabwe – Kuyambira m'chaka cha 2017 kufikira 2025, chikho cha ligi yaikulu ya mpira wamiyendo ku Zimbabwe chidatengedwa ndi matimu okhawo amene mphamvu zawo zimachokera ku ndalama za migodi. FC Platinum ya ku Zvishavane idachitenga kanayi motsatizana, Ngezi Platinum Stars idachitenga mu 2023, Simba Bhora ya ku Shamva mu 2024, ndipo Scottland, ya munthu wochita malonda a golide, idachitenga mu 2025 itangolowa kumene mu ligiyo.

Mzinda wa Kwekwe, m'chigawo cha Midlands, nawo walowa m'gulumo. Kumapeto kwa 2025, chaka chimene mtengo wa golide udapitirira madola 4,000 pa aunsi imodzi, timu ya Hardrock idakwera kupita mu ligi yaikulu mothandizidwa ndi Shepherd Chahwanda, wabizinesi ya migodi ya golide, amenenso adamangitsa bwalo la zamasewero mumzindawu. Funso limene latsala nlakuti: kodi timu yotere ingakhalepobe tsiku limene mgodi udzaleke kupereka phindu?

Anthu a ku Kwekwe ali ndi chifukwa chofunsira funsoli. Timu ya Lancashire Steel, imene inkasewera pa bwalo la Baghdad ndipo idatenga chikho cha Madison mu 1999, idazimirira pamene kampani yopanga mawaya imene inkailipira idagwa. Ku Redcliff, pafupi ndi Kwekwe, fakitale ya zitsulo ya Ziscosteel idasiya kugwira ntchito mu 2008. Mabanja ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amene makolo awo adabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale a dera lino, adataya ntchito ndi timu pa nthawi imodzi. Ngakhale Kwekwe United, imene idakwera mu ligi yaikulu mu 2025, idavutika kulipira osewera ake ndipo idatsika chaka chomwecho.

Vutoli si la ku Africa kokha ayi. Mbiri ya masewero a hockey ya pa madzi oundana, amene osewera ake amatsetsereka pa ayezi akumenya kachimbale ka labala ndi ndodo, idayambanso ndi ndalama za mgodi. M'mwezi wa December 1909, Ambrose O'Brien, mwana wa mwini mgodi wa siliva m'tauni ya Cobalt ku Canada, adathandiza kukhazikitsa ligi yolipira osewera yotchedwa National Hockey Association. Mu ligiyo mudali matimu a m'matauni a migodi a Cobalt ndi Haileybury, komanso timu yatsopano ya mumzinda wa Montreal, imene O'Brien adaiyambitsa pofuna kukopa anthu olankhula Chifalansa. Dzina lake idali Canadiens.

Matimu a Cobalt ndi Haileybury adatuluka mu ligiyo patangotha nyengo imodzi. Canadiens, imene idathera pansi penipeni pa matimu onse m'nyengo yoyambayo, ilipo mpaka lero. Idatenga chikho cha Stanley koyamba mu 1916, idali imodzi mwa matimu oyambitsa ligi ya NHL mu 1917, ndipo idatenga chikhocho kasanu motsatizana kuyambira 1956 kufikira 1960, kenaka kanayi kuyambira 1976 kufikira 1979. Pofika 1993, pamene idachitenga komaliza, idali itachitenga ka 24, kuposa timu ina iliyonse.

Chimene chidasiyanitsa matimuwa si kukula kwa thumba la mwini wake, popeza onse ankathandizidwa ndi banja limodzi. O'Brien adasiya Canadiens m'manja mwa ena patangopita chaka chimodzi, koma timuyo idali itapeza anthu amene ankaiona ngati yawoyawo ndipo ankalipira pakhomo kuti akaione. Pa nthawi ya mavuto azachuma a m'ma 1930 idatsala pang'ono kusamutsidwira ku Cleveland, m'dziko la America, koma idapulumuka, pamene inzake ya mumzinda womwewo, Montreal Maroons, idasiya kusewera mu 1938. Mu 1955, wosewera wake wotchuka Maurice Richard ataletsedwa kusewera, mumzinda wa Montreal mudabuka chipolowe. Ngakhale kuti patha zaka zoposa 30 isadatengenso chikho, bwalo lake la Bell Centre, lolowa anthu oposa 20,000, limadzazabe.

Kwekwe si Montreal. Anthu ake ndi ochepa, ndipo ambiri okhala ku Mbizo ndi ku Amaveni amapeza ndalama movutikira. Malipiro a pakhomo okha sangakwanitse kusamala timu ya mu ligi yaikulu. Komabe m'chigawo chino cha Africa muli zitsanzo zosonyeza kuti ochemerera ndiwo amasunga moyo wa timu. Highlanders ya ku Bulawayo, imene idakhazikitsidwa mu 1926, idatenga ligi komaliza mu 2006, koma ikadali ndi khamu la oitsatira. Ku Malawi, timu ya Bullets yakhala ikusintha dzina malinga ndi oithandiza, kuchokera ku Bata, kupita ku Total, Bakili ndi Nyasa, koma siidathe, pamene MDC United idafa pamodzi ndi kampani yake. Ku Zambia, matimu a ku Copperbelt monga Nkana ndi Mufulira Wanderers adatsika mu ligi yaikulu migodi ya ZCCM itagulitsidwa, koma adabwereranso chifukwa matauni awo sadawataye.

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Nthawi yabwino yokonza tsogolo la timu ndi ino pamene golide akugulidwa pa mtengo wokwera. Timu iyenera kulembetsedwa payokha, mosiyana ndi mgodi, kukhala ndi mamembala olipira ndalama ya pachaka, oithandiza oposa mmodzi, ndiponso sukulu yophunzitsa ana a m'dera lomwelo. Bwalo nalo lifunika mgwirizano wolembedwa, wonena amene adzalisamalire mwini wake akadzalephera. Bungwe la ZIFA ndi akuluakulu a ligi ali ndi mphamvu zofunsa zonsezi asadapereke chiphaso kwa timu iliyonse.

Mgodi uliwonse umakhala ndi tsiku lotsekedwa, ndipo eni migodi amalidziwa bwino kuposa wina aliyense. Ngati Hardrock ndi matimu anzake sadzagwiritsa ntchito zaka za phindu zino pomanga maziko pakati pa anthu, bwalo latsopano la ku Kwekwe likhoza kudzasanduka ngati la Baghdad, limene lidatsala lopanda timu imene idalitchukitsa.