Mtsempha wa magazi si mbale

Dzina la matenda likalowa m'chinenero limabwera ndi chithunzi chake, ndipo chithunzicho ndicho chimatsogolera wodwala posankha chithandizo. Mawu akuti kolesterolo atafika pakati pa olankhula Chichewa ndi Chinyanja, anamasuliridwa kuti "mafuta a m'magazi". Kumasulirako sikunalakwike kwenikweni, koma kunabala ganizo loopsa. Aliyense amene anatsukapo ziwiya amadziwa kuti mafuta ogwirana m'mbale amachoka ndi madzi otentha. N'chifukwa chake ku Lilongwe, ku Chipata, ku Tete ngakhale ku Johannesburg, uphungu wofala pa WhatsApp ndi wakumwa madzi otentha a mandimu, adyo ndi jinja m'mamawa kuti "asungunule mafuta".

Thupi siligwira ntchito motero. Kolesterolo wochuluka amapangidwa ndi chiwindi, ndipo thupi limamufuna popanga ndulu ndi mahomoni ena. Vuto limayamba mtundu wake wotchedwa LDL ukachuluka. Umalowa mkati mwa khoma la mtsempha n'kumaunjikana kwa zaka zambiri, mpaka njira ya magazi itachepa. Pamalopo pakang'ambika, magazi amaundana n'kutseka njirayo. Zikachitikira mumtima, mbali ya mtimawo imafa. Zikachitikira mu ubongo, ndiye sitiroko. Madzi a mandimu amathera m'mimba ngati chakumwa china chilichonse, sakafika kukatsuka khoma limenelo.

Njira zachilengedwe zothandizadi zilipo, koma sizili m'botolo. Zili pamphasa yodyera. Nyemba, nandolo, khobwe ndi therere zili ndi tinthu toterera timene timagwira ndulu m'matumbo n'kutuluka nayo. Chiwindi chikafuna kupanga ndulu ina, chimatapa kolesterolo m'magazi, ndipo LDL amatsika. Nsinjiro zotendera nkhwani, ndiwo imene ku Zambia amati chibwabwa, zili ndi mafuta abwino kumtima kuposa a nyama yonona, majarini wolimba, kapena aja okazingira tchipisi pachiwaya mobwerezabwereza. Usipa, matemba ndi kapenta zikalowa m'malo mwa soseji ndi kanyenya, mtima umapepukidwa. Mgaiwa umasunga gaga amene ufa woyera unataya. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, omwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, ndiponso kuti azilimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pamlungu. Kuyenda ndawala kapena kupalasa njinga kumawerengedwa. Wosuta fodya akasiya, wachita zoposa zimene zitsamba zonse za pamsika zingamuchitire.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chinenero chomwechi chimanyoza zakudya zimenezi. Nyama imatchedwa ndiwo ya nkhuli, pamene masamba ndi nyemba amaziona ngati za masiku osowa. Mlendo akapatsidwa therere, eni nyumba amayamba ndi kupepesa. Mwana wobwera kuchokera kutauni atatuluka mimba amamulonjera kuti, "Mwanenepatu, zikukuyenderani." Banja limene limasiya mgaiwa pofuna kuonetsa kuti latukuka limakhala litataya mankhwala amene linali nawo kale, kenako n'kumakagula ena okwera mtengo kwa wamalonda wa mabotolo.

Komabe chakudya chili ndi malire ake. Pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 250 aliwonse amabadwa ndi chibadwa chokweza LDL kuyambira ubwana, ngakhale atakhala wochepa thupi ndi wodya bwino. Woteroyo, komanso amene anadwalapo mtima kapena sitiroko, amafunika mapiritsi otchedwa statin. Ambiri amawakana ponena kuti si achilengedwe. Koma statin woyamba anamupeza wasayansi wa ku Japan, Akira Endo, m'zaka za m'ma 1970, ndipo anamupeza mu chuku. Malire a "zachilengedwe" ndi "zachizungu" ndi ochepa kuposa mmene otsatsa malonda amanenera.

Pamenepa Chichewa chili ndi nzeru yoyenera kuisunga. Liwu limodzi lakuti mankhwala limaimira muzu wa kwa sing'anga, piritsi la kuchipatala ndi poizoni wa makoswe. Makolo sanafunse kumene chinthu chachokera. Anadziwa kuti champhamvu chilichonse chingachize kapena kupha. Funso loyenera, tsono, ndi lakuti: kodi chinayesedwa, ndipo mlingo wake ndi wotani?

Kolesterolo wokwera sapweteka mutu, satenthetsa thupi, sapereka chizindikiro. Chakudza sichiimba ng'oma. Amadziwika pokhapokha magazi akayezedwa, ndipo amene anataya kholo kapena m'bale ndi matenda a mtima akadali wamng'ono ali ndi chifukwa chachikulu chokayezetsa. Ndimu ndi wabwino mu tiyi ndi pansomba. Munthu amene wataya mapiritsi ake chifukwa cha ndimuyo wasocheretsedwa ndi fanizo la mbale.